Chipewa chimene msika wonse unachigwira

Unali mwezi wa Juni, nyengo yogulitsa fodya, kukuzizira kuzizira kwa ku Kasungu kuja kolowa mpaka m'mafupa. Atsibweni anga analawirira kusanache kukadikira lole yonyamula mabelo opita ku okushoni ya Chinkhoma. Akudutsa kuseri kwa golosale ina pamsika wa kwathu, anamva munthu akubuula. Anali mlonda wa pagolosalepo, bambo achikulire amene tonse tinkawadziwa, ali thapsa m'fumbi, magazi akutuluka kumutu. Chitseko chinali chothyoledwa. Pafupi ndi mwendo wawo panali chikwanje, ndipo chapatali pang'ono panagwa chipewa choluka chakuda chimene sichinali chawo.

Atsibweni anachita zimene munthu aliyense woleredwa bwino angachite. Anagwira chikwanje chija n'kuchiponya kumbali kuti apeze pogwada, anatukula mutu wa bambowo n'kuutsamiritsa pamwendo, anavula jekete n'kuwafunditsa, kenako anakuwa. Anthu anakhamukira. Mayi wina wogulitsa mandasi anamasula chitenje n'kumanga pabala. Mnyamata wa kabaza anabwera ndi njinga yamoto, amuna awiri anakweza wovulalayo, wachitatu anakhala kumbuyo kuwagwirizira, ulendo wa kuchipatala. Otsalawo maso awo anagwera pachipewa. Chinayenda m'manja ngati chikho cha thobwa pachinkhoswe: uyu kuchitembenuza, uyu kuchinunkhiza, mnyamata wina mpaka anachivala kuti aone ngati mwini wake ndi wamutu waukulu. Aliyense ankafuna kuthandiza kuti mwini chipewa adziwike. Pomaliza bambo wina wa chitetezo cha m'mudzi anatenga chipewa ndi chikwanje n'kuziponya mu jumbo imodzi, kumanga pakamwa ndithu, kusungira apolisi. Mmene apolisi ankafika, pamalopo panali patapondedwa ngati pabwalo pomwe gule wachezera.

Bambo aja anatisiya patapita masiku awiri. Usiku wa pamaliro, amuna titazungulira moto panja, nkhani inali yomweyo. Aphunzitsi ena opuma pantchito anati, "Kunjaku zoterezi sizivuta. Akanangoyeza DNA pachipewa chija, mawa lomwe chigawengacho chili m'chitolokosi. DNA sinama." Onse anavomereza. Ine ndinayang'ana atsibweni, atatambasulira manja kumoto, manja omwewo amene anagwira chigwiriro cha chikwanje, ndipo mtima unandigunda. Ndinadziwa kuti akanati ayeze chikwanje chija tsiku limenelo, dzina loyamba kutuluka likanatha kukhala lawo.

Ndimagwira ntchito mu labotale ya chipatala. Si ya zofufuza milandu. Zanga ndi makhololo a anthu oganiziridwa chifuwa chachikulu, magazi a malungo, ndi zina zotero. Koma makina ngati GeneXpert, amene timayezera TB, amayendera nzeru yomweyo imene ofufuza milandu amadalira, ndipo mantha amene ndimagona nawo ine ndi omwenso iwo amagona nawo: kuti kanthu kochokera kwina kangalowe m'chimene ndikuyeza, makina n'kundiuza zoona zenizeni, koma za munthu amene nkhaniyo siikumukhudza.

Aphunzitsi aja sananame. DNA ili m'tizigawo ting'onoting'ono ta thupi totchedwa maselo. Theka lake timatengera kwa mayi, theka kwa bambo, ndipo kupatula mapasa ofanana aja ochokera m'dzira limodzi, palibe anthu awiri amene yawo ndi imodzi. Imapezeka m'magazi, m'malovu, mu umuna, m'mizu ya tsitsi, ngakhale m'tinyenyeswa ta khungu timene timasiya pa chimene tagwira. Oyeza sawerenga DNA yonse. Amayang'ana malo ochepa osankhidwa amene amasiyana kwambiri pakati pa anthu. Ku America, kuyambira 2017, malo ofunika kuwerengedwawo ndi 20. Akafanana onse, mwayi woti ndi munthu wina wachilendo umakhala wochepa zedi. Mpaka apa ndili nawo limodzi aphunzitsi. Koma DNA imayankha funso limodzi lokha: kanthu aka kanachokera m'thupi la yani? Siinena kuti kanafika liti pamenepo, kanafika bwanji, kapena mwini wake ankachitapo chiyani. Dzanja lotema ndi dzanja lopulumutsa amasiya chizindikiro chofanana.

Mu 1910, mumzinda wa Lyon ku France, Edmond Locard anatsegula labotale ya apolisi, ndipo chiphunzitso chimene amakumbukiridwa nacho n'chakuti zinthu ziwiri zikakhudzana, china chimasiya kanthu pa chinzake. Apolisi amachikonda chiphunzitsochi chifukwa chimatanthauza kuti wakuba sachoka osasiya phazi. Koma sichinena za akuba okha. Chikunenanso za mayi wa mandasi, za wa kabaza, za namwino, za wapolisi amene watola chinthucho, ndi za munthu ngati ine amene akuchitsegula patebulo.

Kale vutoli silinali lalikulu chonchi. Pamene Alec Jeffreys wa pa yunivesite ya Leicester ku England ankatulukira njira yozindikirira munthu ndi DNA mu 1984, pankafunika banga looneka ndi maso, la magazi kapena umuna, kuti patuluke kanthu. Banga lalikulu chotero, chala cha munthu wongodutsa sichingaliphimbe. Zinasintha ndi njira yotchedwa PCR, imene Kary Mullis anaiganizira mu 1983, ndipo ambirife tinaimva dzina mu 2020 pomwe ankatipisa timitengo ta thonje m'mphuno kuyeza Covid-19. PCR imatenga kachidutswa ka DNA n'kukachulukitsa: kamodzi kukhala tiwiri, tiwiri kukhala tinayi, ndipo ikabwereza maulendo 30, kamodzi kaja kabala toposa biliyoni imodzi. N'chifukwa chake lero maselo owerengeka chabe akukwanira. Amene anathirirapo nazale ya fodya waona kale pamene pagona vuto. Mbewu ya fodya ndi yaing'ono ngati fumbi, ndipo ikagwera limodzi ndi kambewu ka udzu, madzi ndi feteleza sizisankha, zonse zimamera. Makina akamanka nakhala akuthwa, m'pamenenso akumva mpaka kunong'ona kwa anthu amene mlanduwo sakuudziwa n'komwe.

Nkhani imene imandisowetsa tulo kwambiri inachitika ku Germany, dziko limene sitingati n'losowa ndalama kapena akatswiri. Kwa zaka zambiri apolisi a kumeneko ankasakasaka mzimayi woopsa amene palibe anamuonapo nkhope. DNA yake inapezeka pamalo pafupifupi 40 pomwe panachitika milandu, ku Germany, ku Austria ndi ku France: pothyola nyumba, pakuba, ndiponso pamilandu yakupha, wakale kwambiri uli wa mu 1993. Mu Epulo 2007 wapolisi wamkazi wazaka 22, Michèle Kiesewetter, anawomberedwa mumzinda wa Heilbronn, ndipo DNA ya mzimayi yemweyo inapezeka pagalimoto ya apolisiyo. Atolankhani anamupatsa dzina loti mzukwa wa ku Heilbronn. Panaikidwa mphotho yofika mayuro 300,000 kwa amene angamuulule. Zambiri sizinkagwirizana. Anthu amene anagwidwa pa ina mwa milanduyo ankakana kwamtuwagalu, ati pagulu lawo panalibe mzimayi. Koma ofufuza ankakhulupirira makina kuposa pakamwa pa munthu.

Mu Malichi 2009 chinsinsi chinaululika. Ofufuza ankafuna kuzindikira mtembo wopsa umene unapezeka ku France, ndipo atapukuta pepala lokhala ndi zidindo za zala za mwamuna amene ankamuganizira, panatulukanso DNA ya mzimayi uja. Apa zinaonekeratu kuti sizingatheke. Atabwereza ndi kamtengo kena ka thonje, mzimayiyo sanapezekenso. Mzukwa uja anali mayi wosalakwa, wogwira ntchito pafakitale yolongedza timitengo ta thonje timene apolisi ankapukutira pamalo a milandu. Timitengoto tinali tophedwa tizilombo bwinobwino, toyenera kuchipatala, koma kupha tizilombo sikuchotsa DNA. Apa m'pamene ambiri, ngakhale ife a zachipatala, timasokonezeka: chinthu chikhoza kukhala choyera kwa dokotala koma chodetsedwa kwa wofufuza mlandu. Amene anapha wapolisi uja anadzadziwika mu 2011, ndipo anali a kagulu ka zigawenga zodana ndi anthu obwera. Ndimaganizira makolo a mtsikanayo, pafupifupi zaka ziwiri akudikira, apolisi akusaka munthu amene kulibe. Pambuyo pake, mu 2016, panakhazikitsidwa muyezo wa ISO 18385, wonena mmene zipangizo zotolera umboni ziyenera kupangidwira kuti zisanyamule DNA ya anthu a kufakitale.

Patapita masabata angapo maliro atatha, tikusankha fodya wotsala m'chigafa, ndinawafotokozera atsibweni nkhani ya ku Germany imeneyi. Sanadabwe monga ndinkayembekezera. Anangoti, "Imeneyo ndi NTRM basi." Mlimi aliyense wa fodya kuno amalidziwa dzina limeneli: kaulusi ka thumba la feteleza, nthenga ya nkhuku, kapepala ka switi, chilichonse chimene si fodya koma chapezeka m'belo. Ogula akachipeza, belo limabwezedwa, tsambalo likongole chotani. Ndipo mlimi amadziwa kuti nkhondo imeneyi samenyera ku Chinkhoma. Amamenyera pakhomo: kusesa m'chigafa, kuingitsa nkhuku, kuletsa ana kudyera pomwe akusankhira, kuyang'anitsitsa asanapane pajeke. Belo likasokedwa, zatha. Atsibweni, amene sukulu anailekera pulayimale, anamvetsa m'kamphindi chinthu chimene ena timachita kuchiphunzira kukoleji.

Tibwerere ku jumbo ija. Bambo wa chitetezo uja anali ndi mtima wabwino, ndipo ndikanakhala wosadziwa, nanenso ndikanachita zomwezo. Koma m'jumbomo munachitika zinthu ziwiri. Chipewa ndi chikwanje zinakhudzana. Magazi a malemu anapaka pachipewa, tsitsi ndi thukuta za m'chipewa zinagwera pachikwanje. Tsopano tiyerekeze kuti chipewacho chinagwa madzulo a dzulo lake kwa munthu wochokera kumowa, wosadziwa kanthu. Labotale yabwino kwambiri padziko lapansi ikanapeza magazi a malemu pachipewa chake, ndi DNA yake pachida chophera munthu, ndipo sikanalakwitsa kalikonse. Amene analumikiza zinthu ziwirizi tikanakhala ifeyo, anthu ofuna chilungamo. Chinanso ndi chinyezi. Magazi aawisi mukawatsekera mu pulasitiki, dzuwa n'kuwomba, amachita ngati ndiwo zamasamba zoiwalika mu jumbo: chuku ndi tizilombo zimayamba kudya, DNA n'kudukaduka. Akuluakulu amati mlandu suwola, ndipo n'zoona, koma umboni wake umawola, nthawi zina m'masiku ochepa chabe.

N'chifukwa chake odziwa ntchitoyi amayamba aumitsa chinthu pamalo otetezeka opanda dzuwa, chilichonse pachokha, n'kuchiika mu envulopu kapena thumba la pepala, kumata, kusaina modutsa pomatapo, kulemba tsiku, nthawi, malo ndi dzina la wotola. Aliyense wolandira phukusilo amasainanso, kuyambira pamalo a mlandu mpaka patebulo la woweruza. Pakasowa saini imodzi, ndiye kuti pali maola amene palibe angalumbire kuti phukusilo linali kuti, lili ndi yani. Amavala magolovesi, koma magolovesi si chithumwa. Wovala akagwira chikwanje n'kukagwira chipewa osasintha, magolovesiwo asanduka kabaza wonyamula DNA kuchotsa apa kukatula apo. Amaphimbanso kukamwa, chifukwa kungoyankhulira pamwamba pa chinthu kumagwetsa timadontho ta malovu.

Za manja opulumutsa, pali nkhani ya ku California ku America imene ndimaikumbukira ndikaona wa kabaza uja akudutsa. Mu Novembala 2012 achifwamba anathyola nyumba ya munthu wachuma, Raveesh Kumra, ku Monte Sereno, ndipo bamboyo anafa. Pazikhadabo zake panapezeka DNA ya Lukis Anderson, mnyamata wosowa pokhala wa mumzinda wa San Jose. Anamangidwa pamlandu wakupha umene ukanatha kumufikitsa ku chilango cha imfa, ndipo poti ankamwa mowa kwambiri, mwini wakeyo sankakumbuka kumene anali usiku umenewo. Anakhala m'ndende pafupifupi miyezi 5. Chinamupulumutsa ndi mapepala a chipatala: usiku wa chiwembucho anali atagonekedwa, ataledzera mosadziwa kanthu, anamwino akumuyang'anira. Nanga DNA yake inayenda bwanji? Zinadziwika kuti anthu a ambulansi amene anamutola iye mumsewu ndi omwewo amene, patapita maola ochepa, anaitanidwa kunyumba ya malemu uja n'kukagwira thupi lake. Anthu awiriwa sanaonanepo chibadwire.

Ndikulemba izi ndi mantha ena. Kale lomwe anthu ambiri kuno amaopa kuyandikira munthu wovulala pamsewu, ati angakakhale mboni kapena mlandu ungawakanirire. Sindikufuna wina awerenge izi, mawa n'kudzalambalala munthu akubuula. Moyo ndiye woyamba, ndipo ofufuza milandu eni ake amaphunzitsidwa chomwecho. Njira yake ilipo ndipo si yovuta: amene wagwira anene kuti ndagwira, aloze pamene wagwira, alembedwe tsiku lomwelo. Kumene ntchitoyi imayenda bwino, amatengako malovu a anthu othandizawo, a apabanja, a apolisi ndi a ogwira ntchito mu labotale, kuti DNA yawo ikatuluka izindikirike msanga n'kuikidwa pambali. Wothandiza watetezeka, ofufuza nawo sataya nthawi. Zimene tingaleke ndi zinazo: kutola, kununkhiza, kuyesa kumutu, kusesa pamalo poopa kuti alendo adzapeza pali nyansi. Amfumu kapena a chitetezo atangozunguliza chingwe, ngakhale luzi, n'kuimika munthu mmodzi wobweza anthu, ndiye kuti agwira ntchito imene makina a mamiliyoni sangaigwire pambuyo pake.

Pamilandu yogwiririra m'pamene zimapweteka kwambiri, poti pamenepa malo a mlandu ndi thupi la munthu. Mwana kapena mayi zikamuchitikira, chimene mtima umafuna ndi kusamba, ndipo amayi ake mwachikondi amathamangira kutereka madzi ndi kuchapa zovala. Sindingawadzudzule. Koma ngati n'kotheka, apite kuchipatala asanasambe, zovala zikulungidwe m'pepala loyera osati mu jumbo, ndipo afike asanathe maola 72, chifukwa mankhwala oteteza ku HIV amagwira ntchito akayambidwa mkati mwa nthawi imeneyo. Ngati wasamba kale, apitebe. Chithandizo sichidikira umboni. Ndipo ife a kuchipatala tisadzione oyera. Ku Melbourne m'dziko la Australia, mnyamata wa makolo ochokera ku Somalia, Farah Jama, anapezeka wolakwa mu 2008 pamlandu wogwirira mayi amene sanakumanepo naye, umboni wake uli DNA yokha basi. Anakhala m'ndende kupitirira chaka khoti lisanamumasule mu 2009. Kufufuza kunaonetsa kuti dokotala amene anayeza mayiyo anali atayezanso dzulo lake, pamalo omwewo, mtsikana wina amene anali atakhalapo ndi mnyamatayo. Kanthu kosaoneka ndi maso kanadumpha kuchoka pankhani ina kulowa pankhani ina. Ndikaganiza za zipinda zimene ambirife timagwiriramo ntchito, bedi limodzi, mzere wa anthu panja, namwino mmodzi wotopa, ndimaona kuti popukuta bedi ndi tebulo munthu akatuluka wina asanalowe, pamakhalanso pagona ufulu wa munthu wina amene sitidzamuona.

Ndiulule changa. Tsiku lina ntchito itachuluka, magetsi atangoyaka kumene pambuyo pozima maola angapo, ndinathira makhololo a anthu awiri m'timakatiriji tiwiri toyezera ndisanalembepo manambala. Foni inalira, ndinatembenuka, ndipo nditabwerera sindinathenso kulumbira kuti kakumanja ndi ka yani. Palibe anaona. Ndikanatha kungoganizira n'kulemba, ndipo mwina ndikanalondola. Koma ndikanaphonya, munthu wopanda TB akanamwa mankhwala miyezi 6, wodwala weniweniyo n'kubwerera kwawo kukatsokomolera ana ake. Ndinataya tonse tiwiri, ndinalemba m'buku la zolakwika, ndipo anthu awiriwo anachita kubweranso, mmodzi wa iwo kuchokera kutali panjinga yakapalasa. Nkhope ya bamboyo, thukuta lili kamukamu, sindiiwala. Kuyambira tsiku limenelo patebulo panga pamakhala kabotolo kamodzi kokha kotsegula.

Zimene amati kutsimikizira kuti ntchito yagwiridwa molondola ndi tizinthu ngati timeneti, tosakoma kukamba. Mu labotale ya DNA ya milandu, zochokera pamalo a mlandu ndi malovu a woganiziridwa siziyenera kutsegulidwa pamodzi. Chipinda chokonzera zoyeza chimasiyana ndi chipinda chimene DNA yachulukitsidwa kale, ndipo zinthu zimayenda njira imodzi, sizibwerera. Pagulu lililonse la zoyeza amaikapo kabotolo kopanda DNA ya munthu aliyense, kongokhala ndi mankhwala okha. Kameneka kakatulutsa kanthu, ndiye kuti pena palowa litsiro, ndipo zotsatira za gulu lonselo zimayamba zaimitsidwa. Nsomba ikawola imodzi, zonse zawola. Zotsatira amaziwerenga anthu awiri. Nthawi ndi nthawi amalandira zoyeza zochokera kwina zimene otumizawo akudziwa kale yankho lake, ndipo akatswiri a bungwe lina amabwera kudzafukula mabuku awo asanawavomereze pa ISO/IEC 17025, muyezo wa padziko lonse woonera ngati labotale ikugwira ntchito molondola. Ngakhale zili choncho zimalakwikabe. Ku England mu 2011, Adam Scott anatsekeredwa pamlandu wogwirira wa ku Manchester, mzinda umene ankati sanaupondepo, ndipo anakhalamo pafupifupi miyezi 5, chifukwa kambale ka pulasitiki koyenera kutayidwa kanagwiritsidwanso ntchito mu labotale kali ndi DNA yake ya pankhani ina. Labotale imene ine ndingaikhulupirire ndi imene ili ndi buku la zolakwika lolembedwamo ndithu, ndipo wolembamo saopa kuti mawa amuchotsa ntchito. Imene ingandiuze kuti sinalakwitsepo, ndiiopa.

Chimene ndimadera nacho nkhawa kwathu kuno n'chakuti makina amagulika, ndipo amaoneka bwino pachithunzi tsiku lotsegulira. Zimene sizioneka pachithunzi ndi maenvulopu, magolovesi okwanira kusintha pa chinthu chilichonse, firiji yosazima, mafuta a galimoto yoti ifike anthu asanapondeponde, ndi maphunziro a wapolisi wa kumudzi amene ndiye woyamba kufika. Ndalama zikachepa, izi ndi zimene zimayamba kudulidwa. Umboni wochokera kwa Chulu kapena kwa Santhe uli ndi ulendo wautali, wafumbi, wodutsa m'manja ambiri, usanafike patebulo lililonse loyezera.

M'khoti, katswiri akaimirira n'kunena kuti mwayi woti DNA iyi ingafanane ndi ya munthu wina ndi umodzi pa mabiliyoni, m'chipinda mumangoti zii. Nambala imeneyo ikhoza kukhala yoona, koma ikunena za kufanana mwangozi ndi munthu wachilendo, wosakhala m'bale. Siikunena za mwayi woti timabotolo tinasinthana, kapena woti chipewa chinagona jumbo imodzi ndi chikwanje. Komanso midzi yathu si ya anthu achilendo. Ndi ya mbumba imodzi. Abale a bere limodzi amagawana pafupifupi theka la DNA imene imasiyanitsa anthu, ndipo asuweni nawo amafananako. DNA ikakhala yathunthu, abale amasiyanitsika bwino. Koma ikakhala yodukaduka chifukwa cha kuwola, malo ochepa okha n'kuwerengeka, kapena yosakanikirana ya anthu anayi, asanu, ngati ya pachipewa chija, mpata woloza chala m'bale wosalakwa umakula. Choncho loya, kaya wolipidwa kaya wa ku Legal Aid Bureau, ngakhale woweruza yemwe, asachite manyazi kufunsa mafunso a munthu wamba. Anatola ndani? Anasunga kuti? Anasaina ndani? Kabotolo kopanda kanthu kaja kanaonetsa chiyani? Kodi kachidutswa kena kanasungidwa koti labotale ina ibwereze? Nanga pambali pa DNA, pali umboni wina wotani woti munthuyu analipo?

Wina asaganize kuti ndikudana nayo DNA. Ndimaifuna kwambiri, makamaka chifukwa cha anthu amene amamangidwa, ena mpaka kuotchedwa ndi chigulu cha anthu, pongoti wina waloza chala. Pamlandu woyamba wakupha umene njirayi inagwiritsidwa ntchito, ku Leicestershire mu 1986, chinthu choyamba chimene inachita ndi kumasula mnyamata wazaka 17, Richard Buckland, amene anali atavomera kale kwa apolisi mlandu umene sanapalamule. Wolakwa weniweni, Colin Pitchfork, anayamba wazemba potuma mnzake wa kuntchito kukapereka magazi m'dzina lake, ndipo anagwidwa mu 1987 mnzakeyo atayankhula pamalo omwera mowa, wina n'kumva. Makina anali olondola. Chimene chinatsala pang'ono kuwononga zonse ndi funso lomwe lija linandigwira ine patebulo panga: kodi zimene zili m'kabotoloka ndi za munthu amene dzina lake lalembedwapo?

Mlandu wa mlonda wathu mpaka lero sunapeze mwini. Tsiku lija m'chigafa, nditatha kufotokoza zonsezi, atsibweni anakhala chete nthawi yaitali, akusalaza tsamba pabondo. Kenako anafunsa, "Ndiye iwe ukuti ndikanawasiya agone pomwepo?" Ndinati, "Ayi atsibweni, munachita bwino. Mawa zitachitikanso mudzawanyamule. Koma chipewa chija chikanatsala pomwe chinagwa, ndipo apolisi akanauzidwa onse amene anagwirako." Anagwedeza mutu n'kuika fodya pansi. Anayamba kuwerenga ndi zala anthu amene anawaona atagwira chipewacho, kuwatchula mayina mmodzimmodzi. Zala za dzanja lamanja zinatha, za lamanzere zinathanso. Anaima kaye, akuyang'ana manja awo akuda ndi utomoni wa fodya, n'kunena chapansipansi kuti panalinso mwana wa sukulu, wa yunifolomu, amene anachinyamula kukaonetsa anzake kuseri kwa chigayo, koma dzina lake analiiwala.